Kapitao Abwera Mawa

Lolemba, 13 Okutobala

Chaka chimene achimwene anamwalira ndinali kukoleji, m'kati mwa mayeso omaliza. Moto unagwira nkhalango ya paini kumtunda kwa nyumba ino, iwo anakwera ndi anzawo a kuntchito kukazimitsa, mphepo inatembenuka. Kunyumba anapangana kuti asandiuze mpaka nditalemba pepala lomaliza. Amayi ankandiimbira foni n'kumandifunsa ngati ndadya. Ndinafika kuno atawaika kale, ine osadziwa kanthu. Ndimakumbukira makatani a pabalaza. Anali atachapidwa koma ankanunkhabe utsi. Ndinakhala pampando n'kumalongosola za funso lina limene linandivuta, ndikuseka, mpaka ndinazindikira kuti palibe amene akundiyang'ana kumaso.

Fungo lomwelo ndalimva lero m'mawa ndikuyanika zovala. N'chifukwa chake ndatenga kope lino.

Utsi uli kuseri kwa chitunda chachikulu. Woonda, wotuwa, ngati wina akutentha zinyalala. Mwina si kanthu. Ine ndine munthu woopa msanga, ndimadzidziwa.

Amayi sakumbukiranso kuti achimwene aja, Kapitao, kulibe. Dzinali anawapatsa ali mwana chifukwa ankalamula aliyense, ngakhale nkhuku. Chiyambire matenda oiwalawa, madzulo aliwonse amayi amaika mbale zitatu patebulo n'kufunsa kuti, "Kapitao sanafike?" Namwino anandilangiza kuti ndisamalimbane nawo. Ndiye ndimayankha kuti, "Abwera mawa, amayi." Amagwedeza mutu, n'kuvundikira mbale ija ndi inzake. Takhala choncho zaka ndithu. Bodzali lasanduka ngati mpando wa m'nyumba muno, ndimalilambalala osaliona.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Utsi wanenepa.

Mnansi wathu wa kumunsi, amene amaweta njuchi, anakwera kudzationa. Tonse timangoti aNjuchi. Ine amanditchula kuti aDigiri chibwerereni kuno, nditasiya uphunzitsi kuti ndisamalire amayi. Anaima pakhonde manja m'chiuno n'kuyang'ana kuphiri.

"ADigiri, musataye tulo. Mphepo imeneyi ndimaidziwa ngati mkazi wanga. Ikalusa masiku awiri imatopa yokha."

Ndinawakumbutsa kuti akazi awo anawathawa. Anaseka mpaka kutsokomola.

Atapita ndinatenga chikwakwa kuti nditchetche udzu wozungulira nyumba. Wauma ngati pepala, wafika m'chiuno. Ndinayenera kuutchetcha miyezi yapitayo, koma ndinali pakompyuta, kukonza zolemba za ophunzira a anthu ena. Pofika masana ndinali nditayeretsa malo okwanira kuyalapo mphasa, manja onse matuza.

Amayi anali pakhonde, maso ali kuutsi.

"Ali kumeneko," anatero.

"Ndani, amayi?"

"Kapitao, nanga ndani? Moto ngati umenewo angausiyire ena? Iwe siya kachikwakwako, udzidula mwendo. Akatsika atchetcha yekha."

Nkhope yawo inali yowala. Chaka chino sindinawaonepo akusangalala choncho. Masiku onse Kapitao amakhala "kuntchito," ntchito yopanda malo, yoti sungailoze ndi chala. Lero amayi aloza.

Lachitatu, 15 Okutobala

Mphepo sinatope. Phulusa m'tiyi.

Lachinayi, 16 Okutobala

Kunabwera mayi wa zankhalango, pagalimoto yokhala ndi chimkuzamawu padenga. Mawu ake atasasa, maso ofiira. Akuyenda nyumba ndi nyumba. Akuti moto wadumpha khwawa, ndipo tonse a kumtunda kwa mlatho tilongedze, tikhale okonzeka. Msewu wotsikira ndi umodzi. Ukatsekeka, watsekeka.

Ndinalemba zimene ananena kuti ndisaiwale: mankhwala a amayi, zikalata, zovala zochepa. Pochoka titseke mawindo onse, tichotse makatani, tiike matawulo onyowa m'mipata ya pansi pa zitseko. Chitseko cha kumaso tichitseke mwamphamvu kuposa zonse, chifukwa chikuyang'ana kumene mphepo ikuchokera.

"Nyumba zambiri sizipsa ndi chimoto chachikulu chija," anatero. "Zimapsa ndi kakhala kamodzi kouluka kamene kapeza polowera."

Tili m'kati molankhula amayi anatuluka, atavala duku lawo labwino.

"Mwana wanga ali m'gulu lanu. Wamtali, wa mpata m'mano, wolankhula ngati phiri n'lake. Akudya?"

Ine ndinali kumbuyo kwa amayi. Sindikudziwa kuti nkhope yanga inaoneka bwanji, koma mayiyo anandiyang'ana, n'kuyang'ana amayi.

"Akudya, mayi."

"Mumuuze kuti asamavule chipewa. Amamva mutu."

"Ndimuuza."

Ndinamuperekeza kugeti. Anandifunsa kuti anali ndani, ndinamuuza. Anati dzinalo analionapo, lili pakhoma la ofesi yawo. Kenako anati, "Chonde musadzandichititsenso zimenezi. Ndili ndi anthu paphiripo pakali pano." Ndinapepesa. Galimoto itapita ndinali ndikupepesabe.

Madzulo ndinayesa. Ndinati, amayi, tipite kwa Mzime m'tauni masiku angapo, utsiwu si wabwino pachifuwa chanu. Anaika supuni pansi.

"Pita iwe. Mwana ali paphiri, ine ndithawe? Si iwe wanena kuti abwera mawa?"

Mawu anga omwe. Andibwezera ali bwinobwino, osathothoka n'pang'ono pomwe.

Mng'ono wanga, Mzime, anaimba. Netiweki ikudukaduka. "Achemwali, auzeni zoona basi, nthawi yonyengererana yatha." Ndinamukumbutsa kuti ndinawauzapo kamodzi, matendawa atangoyamba. Iye kunalibe. Amayi analira maliro atsopano tsiku lonse, kudzigwetsa pansi, kufunsa chifukwa chake tinawabisira. M'mawa mwake anadzuka n'kuika mbale zitatu.

"Ndiye anyamuleni," Mzime anatero.

"Bwera udzawanyamule iweyo."

Kenako Mzime anati chipinda wakonza kale, wayala bulangete limene amayi amalikonda. Sindinayenere kumukalipira. Nayenso akuopa, kungoti akuopera patali.

Lachisanu, 17 Okutobala

Bodza lina pamwamba pa lakale. Ndinauza amayi kuti lero ndi tsiku lawo lokayezetsa bipi kuchipatala, tibwerako dzuwa lisanalowe. Zikwama ndinali nditabisa kale kumbuyo kwa kapikiapu ka aNjuchi, pansi pa masaka. Anavomera mosavuta. Anadzola mafuta, anandidzudzula kuti siketi yanga ndi yosasita.

ANjuchi ankayendetsa pang'onopang'ono, akucheza nawo. "Mayi, mukuoneka ngati mtsikana lero. Adokotala akufunsirani, ine ndikhala mboni." Amayi anati, "Iwe, uzisamba kaye usanayambe za maukwati." Tinaseka tonse. Mtima wanga unayamba kutsika.

Pokhota pa mlatho tinakumana ndi amuna akukwera wapansi. Ozimitsa moto, akubwerera kuphiri, zokupira moto zili paphewa, nkhope zakuda ndi mwaye. Wina wamtali anali kumbuyo kwa onse, chipewa chili m'manja.

Amayi anamenya galasi ndi chikhatho. "Ima! Ima, iwe!" Anatsegula chitseko galimoto ikuyendabe. ANjuchi anaponda mabuleki, ine ndinawagwira mkono, anandikankha ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti akadali nayo. Amunawo anali atalowa kale kanjira ka m'mitengo. Amayi sanawatsatire. Anatembenuka n'kuyamba kukwera msewu wa kunyumba, mofulumira, akudzilankhulira. "Atisempha. Afika kulibe munthu. Afika kulibe munthu."

Tinawatsatira ndi galimoto ngati tikuperekeza maliro, mpaka anatopa n'kulola kukwera. Titafika anathamangira kuchitseko, anagwira chogwirira, n'kupeza chokhoma. Ananditembenukira. Sindinaonepo maso otero.

"Wakhoma?"

"Timatuluka, amayi."

"Wakhoma!"

Tsiku lonse sanandilankhulenso. Anakokera mpando pakhomo n'kukhala pamenepo.

ANjuchi asamutsa ming'oma ina, ina aisiya. Akuti njuchi zalusa, sizikuwadziwanso. Za mphepo sanatchulenso.

Chakumadzulo gwape anaima pamalo ndinatchetcha paja. Ubweya wa kumsana wopserera. Sanathawe nditatuluka. Ndinamuikira madzi m'beseni koma sanamwe, anangoyang'ana kupyola ine, cha kumbuyo kwanga. Ndinacheuka. Ndikulemba izi chifukwa n'zoona: ndinacheuka ndikuyembekezera munthu.

Ndipo poika chakudya, amayi anali pakhomo paja. Mbale ndinaika ndine. Zitatu. Ndinazindikira nditavundikira kale.

Loweruka, 18 Okutobala

Magetsi athima m'mawa. Dzuwa likuoneka ngati bala, utha kuliyang'ana osatsinzina. Nkhuku zinalowa m'khola masana, zikuyesa kwada. Kukumveka mkokomo wa pansipansi, ngati malole ambiri akukwera mtunda kutali koma osafika.

Madzi athu amachokera kukasupe wa kumtunda. Paipi anaikwirira ndi Kapitao yemwe, chaka chimene anayamba ntchito, kuti amayi asamasenze ndowa. Mpopi anauika m'khitchini. Masana amayi anautsegula kuti atsuke kapu. Madzi anatuluka ofunda. Kenako akuda. Kenako mpopi unatsokomola kawiri n'kukhala chete. Sipanafunike wondiuza. Moto wafika pakasupe.

Zatsala ndowa ziwiri zimene ndinatunga dzulo.

Ndinaganiza kuti Mzime akunena zoona. Alire, andide, bola alire ali m'galimoto. Ndinawakhazika pansi m'khitchini momwemo, ndinawagwira manja.

"Amayi, Kapitao sabwera mawa."

Anandiyang'ana osadabwa.

"Anabwera masana," anatero. "Anabwera kudzamwa madzi."

Iwo anapitiriza, mawu awo ali phee, ngati akusimba za munthu wa kutali.

"Tsiku la moto uja, a zankhalango anatiuza kuti titsike, tikakhale kusukulu kumunsi. Ndinatseka mawindo, ndinakhoma, kiyi m'thumba. Iye anatsika masana, ludzu litamupha. Mkazi wa Njuchi anamuona ali kumsewu. Anagogoda. Anazungulira kuwindo la khitchini, anasuzumira. Mpopi wake womwe akuuona m'katimu. Anakhala pang'ono pakhonde. Kenako anavala chipewa n'kukweranso."

Anasisita chala changa chachikulu, pamene pali thuza.

"Ndinamukhomera kunja, mwana wanga. Nyumba yake yomwe."

Zaka zonsezi palibe anandiuzapo. Ndinafuna kufunsa zambiri, koma amayi anali atachoka kale, ngakhale anali pompo. Anayang'ana mpopi n'kunena kuti, "Madzi avutanso? Kapitao akabwera umuuze."

Ndinatsikira kwa aNjuchi. Ndinawapeza akumanga zingwe pagalimoto. Ndinawafunsa mosazungulira. Anatenga nthawi akulimbana ndi mfundo imene inali italimba kale.

"Mkazi wanga ankalankhula zambiri, aDigiri."

Ndinadikira.

"Koma bodza ayi. Bodza analibe."

Sindikudziwa ngati kapu ya madzi ikanasintha kanthu. Mwina akanakhala pansi, kuvula jombo, kuchedwa pang'ono, mphepo n'kutembenuka iwo ali pano. Mwina ayi. Ine amene ndimakonza ziganizo za anthu tsiku lililonse, ichi sindikudziwa pochigwira.

ANjuchi akuti m'mawa akutsika, tikwere tisakwere. Ananena akuyang'ana pansi.

Ndapukuta phulusa pakhonde. Sindikudziwa chifukwa chake. Ndinakhala pamenepo pang'ono, pamalo pamene munthu wotopa angakhale. Kuchokera pamenepo umaona chitseko pafupi kwambiri.

Lamulungu, 19 Okutobala

Chimkuzamawu chadutsa kusanawale bwino. Tonse titsike tsopano. Mzere wofiira ukuoneka pamwamba pa chitunda chathu, mitengo ikuyaka umodziumodzi, ngati wina akuyenda n'kumaiyatsa.

Ndachita zonse zimene mayi uja ananena. Mawindo. Makatani ndawaunjika m'bafa. Matawulo ndanyowetsa ndi ndowa imodzi. Nkhuku ndazitsegulira, zione zokha. Mabuku anga ndangowayang'ana. Bambo anamanga nyumbayi chipinda chimodzichimodzi, ndipo pakhoma la m'khitchini pakadali timizere ta msinkhu wathu atatu.

Amayi anali pampando wawo pakhomo, opanda nsapato, manja atagwira mpandowo mbali zonse. Ine ndinaima ndi kiyi m'manja. ANjuchi akuliza hutala kugeti.

Ndinaika kiyi patebulo. Ndinatsanulira madzi otsala mujagi wamkulu, n'kuika kapu pambali pake, ndi buledi. Kenako ndinatsegula chitseko cha kumaso chonse mpaka chinagunda chipupa, n'kuchitsamiritsa ndi njerwa kuti mphepo isachitseke.

"Amayi, tisiya chotsegula. Akafika alowa."

Anayang'ana njerwa, anayang'ana jagi.

"Sukhoma ndikatembenuka?"

"Kiyi ndi uyo."

Anadzuka, anakagwedeza chitseko kuti aone ngati njerwa yagwira. Mphepo inali ikulowa kale, yotentha, ikukankhira phulusa ndi timasamba topserera pabalaza. Kamodzi kanatera pampando wa nsalu, kakufukabe. Ndinakazimitsa ndi chala. Kena kabwera ine kulibe.

ANjuchi anafika akuthamanga, anaima pakhonde.

"ADigiri, chitsekochi? Simunamve zimene ananena mayi uja?"

"Ndinamva."

Anayang'ana amayi, amene anali atawerama akuvala nsapato okha. Anavula chipewa, anachivalanso. "Ndikatembenuze galimoto," anatero.

Tinali titafika kale pamasitepe pamene amayi anaima.

"Mulembere. Adziwe kumene tapita."

Ndinatulutsa kopeli m'chikwama kuti nding'ambe tsamba loyera. Anandigwira dzanja.

"Kamzere kamodzi? Munthu wakhala paphiri sabata yonse. Si wakhala ukulemba masiku onsewa? Umayesa sindikuona? Mupatse zonse, awerenge akupuma."

Ndiye ndakhala pasitepe, ndikumaliza. Masamba enawo ndathothola kale. Hutala ikulira. Amayi aima pambali panga, akuti ndilembe zilembo zikuluzikulu chifukwa utsi umamuwawa m'maso, ndipo aika okha pansi pa jagi.

Achimwene, tapita kwa Mzime. Amayi ali bwino, avala juzi. Chitseko n'chotsegula. Madzi ali patebulo, mpopi sukutuluka. Imwani onse.

Ndipinda tsopano. Atambasula kale dzanja.